Galu wa Ntchito Amayambira pa Makolo Ake ndi Masabata 16 Oyamba

Pa maphunziro athu a ziweto timakhalitsa pa ng'ombe, mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, koma chiweto chimene chimagona panja kulondera zonsezi sitichitchula kawirikawiri. Chikhalirecho mafunso okhudza agalu amatipeza ndithu, makamaka ochokera kwa inu amene munatsiriza maphunziro ndipo tsopano muli ndi makola anu kumbali ya Simonga, kwa Mukuni, ku Kazungula ndi ku Zimba. Ena mukufuna galu woteteza mbuzi kwa afisi ndi nkhandwe. Ena mwaona ana agalu a mitundu yakunja akutsatsidwa pa Facebook, ndipo mwawerengera mumtima kuti bere limodzi la galu lingalipire fizi ya mwana kusukulu. Kwa nonse yankho lathu ndi limodzi. Dzina la mtundu silipanga galu wa ntchito. Chimene chimamupanga ndi makolo amene mwamusankhira, ndiponso zimene wakumana nazo m'masabata 16 oyamba a moyo wake. Zonse ziwirizi zili m'manja mwa mlimi.

Ntchito yake ndi iti?

Funso limeneli liyankhidwe galu wamkazi asanakumane ndi wamphongo, chifukwa ntchito za agalu zimatsutsana. Galu wokusa ziweto, monga Border Collie, anabadwa ndi mtima wolondalonda ndi kuthamangitsa. Mbusa amangouwongolera mtimawo kuti nkhosa zipite kumene iye akufuna. Galu wolondera gulu la mbuzi afunika mtima wosiyana kotheratu: wodekha, wosathamangitsa chiweto, woyenda pakati pa mbuzi ngati mbuzi inzawo, n'kuuwa pokhapokha chachilendo chikayandikira. Ntchito imeneyi ndi yakale kwambiri, moti ngakhale buku la Yobu, pa mutu 30, limatchula agalu osunga nkhosa. Ndiye pali galu wapabwalo, woyang'anira nyumba, nkhokwe ndi pampu ya madzi. Mukakwatitsa wokusa ndi wolondera poganiza kuti ana atenga nzeru zonse ziwiri, kawirikawiri mupeza agalu amphamvu othamangitsa mbuzi, amene pa ntchito zonse ziwirizo palibe imene angaithe.

Mbiri ya mtundu wina wodziwika, umene unakhazikika kufupi ndi kwathu kuno, ikutiphunzitsa kanthu. M'zaka za m'ma 1870 m'busa Charles Helm wa London Missionary Society, bungwe lomwe lija linatumiza David Livingstone ku Africa, anabweretsa agalu aakazi awiri ku mishoni ya Hope Fountain pafupi ndi Bulawayo. Mlenje wina, Cornelius van Rooyen, anakwatitsa agalu amenewa ndi agalu ake osakira, ndipo kwa zaka zambiri ankasunga ana okhawo amene anaonetsa kupirira, liwiro ndi nzeru pamaso pa mkango. Ndiwo anadzakhala Rhodesian Ridgeback, agalu a mzere wa ubweya woyang'ana kutsogolo pamsana, chizindikiro chimene anatengera kwa agalu a anthu a mtundu wa Khoikhoi. Malamulo a maonekedwe a mtunduwu anadzalembedwa ku Bulawayo mu 1922. Taonani dongosolo lake: ntchito inayamba, dzina ndi mapepala zinabwera pambuyo pa zaka zoposa 40.

Ku Namibia, bungwe la Cheetah Conservation Fund la ku Otjiwarongo lakhala likuweta agalu a ku Turkey, a mitundu ya Anatolian Shepherd ndi Kangal, kuyambira mu 1994. Limapereka ana awo kwa alimi a mbuzi ndi nkhosa kuti alimiwo aleke kupha zilombo zimene zimawadyera ziweto. Agaluwa ndi aakulu, ndipo ntchito amaigwira bwino. Koma ku Botswana bungwe la Cheetah Conservation Botswana limagwiritsa ntchito agalu wamba akumudzi, ndipo lapeza kuti akaleredwa m'khola kuyambira ali aang'ono amalondera bwino, amapirira kutentha ndi maulendo ataliatali, ndiponso satha chakudya chambiri. Kuno ku Zambia, gulu la agalu onunkhiza minyanga ya njovu, mfuti ndi nyama ya m'tchire la Conservation South Luangwa ku Mfuwe linayamba mu 2014 mothandizana ndi bungwe la Working Dogs for Conservation, limene limadziwika potenga agalu ake ambiri m'malo osungiramo agalu otayidwa ku America. Amene amasankhidwa ndi okhawo osatopa kufunafuna mpira. Za mapepala a mtundu safunsa n'komwe.

Tsono galu wathu wakumudzi uja, wa ubweya waufupi ndi mchira wopindika, amene akatswiri amamutcha Africanis, tisamuderere. Mibadwo yambiri ya dzuwa, nkhupakupa ndi njala yamusefa. Boerboel wamkulu angalemere makilogalamu 60 kapena kuposa, ndipo chakudya chake cha tsiku limodzi chingakhutitse agalu akumudzi awiri kapena atatu. German Shepherd ndi wanzeru zedi, koma ambiri amavutika ndi mfundo za m'chiuno, ndipo ubweya wake si wa mwezi wa Okutobala wa ku Livingstone. Sitikuletsa mitundu imeneyi. Tikungonena kuti amene thumba lake silingathe kudyetsa ndi kubayitsa galu wotere kwa zaka 10 angachite bwino kusankha galu wabwino wa m'mudzi mwake.

Kusankha makolo

Galu woyenera kubereketsa ndi amene mwamuona ndi maso anu akugwira ntchito imene mukufuna kuti ana ake adzagwire. Ngati mukufuna olondera mbuzi, mayi ndi bambo akhale agalu amene amatsagana ndi mbuzi kubusa n'kubwerera nazo madzulo. Galu wamantha, wothawira pansi pa nkhokwe akamva phokoso, musamubereketse. Woluma ana ndi alendo popanda chifukwa, kapena amene anaphapo nkhuku ndi ana a mbuzi, nayenso ayi. Mtima umatengera kumtundu monga mmene umatengera msinkhu, ndipo galu wamantha ndiye amaluma mosayembekezereka kuposa wolimba mtima.

Galu wamkazi amayamba kufuna mphongo ali ndi miyezi 6 mpaka 12, koma pa nthawiyo mafupa ake amakhala asanakhwime. Dikirani nyengo yachiwiri kapena yachitatu, ndipo kwa agalu a matupi aakulu dikirani mpaka akwanitse zaka 2. Bambo asakwere mwana wake, ndiponso agalu a bere limodzi asakwerane; pa famu imene agalu onse anachokera kwa mayi mmodzi zimenezi zimachitika mwakachetechete, ndipo zotsatira zake ndi ana ochepa, ofooka ndi opunduka. Onse awiri akhale atalandira katemera ndi mankhwala a njoka za m'mimba asanakumane. Yang'ananinso kumaliseche kwa onse awiri. Pali chotupa chofiira, chotuluka magazi, chooneka ngati kolifulawa, chimene agalu oyendayenda amapatsirana pokwerana. Chimachizika ndi jakisoni wa dokotala wa ziweto, koma galu amene ali nacho asayandikire mnzake.

Ndipo musanatsegule chitseko, werengani manyumba. Galu wamkulu msinkhu angaswe ana 6, 8, ngakhale 10. Kodi muli ndi mayina a anthu amene adzawatenge, ndipo mukudziwa ntchito imene akawapatse? Msika wa ana agalu m'tauni ngati yathu ndi waung'ono, ndipo kagalu kosagulidwa pa miyezi 3 kamadya ngati galu wamkulu pamene mtengo wake ukutsika sabata ndi sabata. Ambiri mwa agalu oyendayenda amene timawaona m'misika ndi kudzala anayamba chomwechi.

Nyengo yofuna mphongo imabwera pafupifupi miyezi 6 iliyonse ndipo imatha masabata pafupifupi 3. Masiku oyamba, kawirikawiri 7 mpaka 10, galuyo amatupa kumaliseche n'kumatuluka magazi, amphongo amasonkhana koma iye amawakana. Magaziwo akayamba kuyera amaima chilili n'kupatutsa mchira, ndipo imeneyo ndiyo nthawi yake. Akwatitseni kawiri, motalikirana masiku 2. Akamangana, asiyeni, amamasukana okha pasanathe theka la ola, ndipo kuwathira madzi kapena kuwakwapula kumangowavulaza. Chinthu china chimene alimi ambiri sachidziwa n'chakuti bere limodzi likhoza kukhala ndi abambo angapo. Galu wamkazi akhale wotsekeredwa masabata onse atatu, osati tsiku la ukwati lokha.

Bere limatenga masiku pafupifupi 63. Lembani tsikulo m'buku, ndipo muwerengere pa kalendala. Galu wokwatitsidwa pa 15 Epulo adzaswa cha pa 17 Juni, pakati penipeni pa chisanu, pamene usiku wa ku Livingstone umazizira kufika pansi pa madigiri 10. Wokwatitsidwa mu Novembala adzaswa mu Januwale, mvula ili pakati, ndipo ana adzakumana ndi chinyezi, njoka za m'mimba ndi mphutsi. Nyengo ya galu simungaisunthe, koma mukhoza kuidumpha n'kudikira ina. Ife tikadasankha chisanu kusiyana ndi dzinja, chifukwa kuzizira kumagonja ndi masaka ndi mabotolo a madzi otentha, pamene chinyezi n'chovuta kuchithamangitsa.

Bere ndi kuswa

Masabata 5 kapena 6 oyamba galu wabere adye monga mwa masiku onse; kumunenepetsa kumavutitsa pobereka. M'masabata 3 otsiriza ana amakula mofulumira, choncho onjezani chakudya pang'onopang'ono ndipo muchigawe katatu pa tsiku, popeza mimba yadzaza. Nsima yokha si chakudya cha galu wabere. Muisakanize ndi kapenta, mazira ophika, soya wophika bwino, zam'kati za nyama zophika, ndi masamba pang'ono, kapena mugule chakudya cha m'sitolo chopangira ana agalu, chimene chimayeneranso mayi.

Kutatsala masabata 2, mukonzereni malo: chipinda chouma, chopanda mphepo, chakutali ndi agalu ena. Bokosi la matabwa likhale lalikulu moti mayi agone atatambasuka. M'kati mwake khomererani thabwa lopyapyala mozungulira, lotalikira masentimita 10 mpaka 12 kuchokera pansi, kuti mwana amene ali kumbuyo kwa mayi apeze pothawira m'malo mophwanyidwira kukhoma. Mukapanda kumukonzera malo, adzakumba dzenje pansi pa nkhokwe kapena kuseri kwa khola, kumene inu simungafikeko koma njoka ndi linthumbu zimafika.

Amene muli ndi themometa ya ziweto, muyezeni m'mawa ndi madzulo kuyambira tsiku la 57. Kutentha kwa thupi la galu kumakhala madigiri 38 mpaka 39. Kukatsika kufika pa 37, kuswa kuyamba pasanathe tsiku limodzi. Amakana chakudya, amapuma mwawefuwefu, amapalasa zogonera. Agalu ambiri amaswa okha popanda vuto, ndipo ntchito yanu ndi kukhala chapatali, chete, ndi nyale. Mayi amang'amba yekha kathumba ka mwana, kudula mchombo ndi kumunyambita. Akazengereza, ng'ambani kathumbako kumphuno, pukutani mwanayo mwamphamvu ndi nsalu youma mpaka alire, mangani mchombo ndi ulusi woyera ndipo mupakepo ayodini. Werengani nsengwa, zikhale zofanana ndi chiwerengero cha ana.

Zizindikiro zoitanira dokotala ndi izi: galu wakankha mwamphamvu theka la ola popanda mwana kutuluka, padutsa maola oposa 2 chibadwire womaliza pamene mukuona kuti ena akadali m'mimba, kapena kwatuluka madzi obiriwira mwana woyamba asanabadwe. Pano tichenjeze mwapadera inu oweta ng'ombe. Jakisoni wa oxytocin amene mumasunga chifukwa cha ng'ombe musamubaye galu. Ngati mwana wapingasa panjira, mankhwalawo angang'ambe chiberekero. Nambala ya dokotala wa ziweto ikhale m'foni tsiku lisanafike.

Masabata atatu oyamba

Mwana wagalu amabadwa wosaona, wosamva, ndiponso wosatha kudzitenthetsa yekha. Chofunika choyamba ndi mkaka woyamba uja wachikasu, umene uli ndi chitetezo cha mayi. Matumbo a mwana amalandira chitetezo chimenechi m'maola 12 mpaka 24 oyamba okha, kenako njira imatsekeka, monga mmene tinaphunzirira za ana a ng'ombe. Onetsetsani kuti aliyense wayamwa, ndipo wamng'ono kwambiri mumuike pa mabere akumbuyo, amene amakhala ndi mkaka wochuluka.

Chachiwiri ndi kutentha. Sabata yoyamba, pamene ana agona pafunika madigiri pafupifupi 30. Botolo la madzi otentha lokulungidwa m'chitenje chakale limakwanira. Mbaula ya makala m'chipinda chotseka ayi: utsi wake wosaoneka umapha agalu monga mmene umaphera anthu. Mwana wozizira sagaya chakudya, choncho mukamupeza atazizira muyambe mwamufunditsa pachifuwa panu, mkaka pambuyo.

Sikelo ya kukhitchini ndiyo dokotala wanu wa tsiku ndi tsiku. Mangani ulusi wa mitundu yosiyana, kapena lembani maonekedwe a aliyense, ndipo muwayeze m'mawa uliwonse. Mwana wabwino amalemera kuposa dzulo, ndipo pofika masiku 10 amakhala atawirikiza kawiri kulemera kwake kobadwa nako. Amene waima masiku awiri, kapena wolira kosalekeza pamene anzake agona, ali pa vuto ngakhale maso anu sakuona kanthu. Ngati mayi wamwalira kapena mkaka wauma, mkaka wa ng'ombe wokha sukwanira ndipo umatsegula m'mimba. Pezani mkaka wa ufa wopangira ana agalu. Podikira, mkaka wa mbuzi wowiritsa wosakaniza ndi yolki ya dzira ungawasunge. Amwe maola 2 kapena 3 aliwonse atagona chafufumimba, ndipo mukatha muwasisite kumaliseche ndi kansalu konyowa kofunda, pakuti masabata oyambawa sakodza kapena kuchita chimbudzi popanda kunyambitidwa.

Amene mukuweta Ridgeback kapena agalu a magazi ake, papasani khungu la msana wa mwana aliyense kuyambira pakhosi mpaka kumchira. Mukamva kachingwe kolowa m'kati, kamene pamwamba pake pali kabowo kakang'ono, muonetseni kwa dokotala. Ndi chilema chobadwa nacho cha mtunduwu, ndipo galu wotere asadzaberekenso.

Maso amatseguka pa masiku 10 mpaka 14, makutu pambuyo pake pang'ono. Pa masabata 2 omwewo yambani mankhwala a njoka za m'mimba, ndipo mubwereze masabata 2 aliwonse mpaka masabata 12, mayi amwenso. Musadikire kuona njoka m'chimbudzi, chifukwa ana ambiri amabadwa nazo kale: zina zimawalowa akadali m'mimba, zina zimadzera mumkaka. Mimba yotupa, ubweya woyangalala ndi nkhama zoyera ndi zizindikiro zake. Mulingo wa mankhwala utsatire sikelo. Ndipo m'kabati ya famu muli zinthu zingapo zopha ana agalu: dipi wa ng'ombe, mankhwala opopera mbewu, ndi mapiritsi a anthu monga ibuprofen ndi paracetamol. Ivermectin wa ng'ombe ndi woopsa makamaka kwa agalu a magazi a Collie. Utitiri ndi nkhupakupa muzilimbana nazo pochapa zogonera ndi kupesa, ndipo za mankhwala oyenera msinkhu wawo funsani dokotala.

M'nyengo ya mvula samalani mphutsi. Ntchentche yake imaikira mazira pa dothi kapena nsalu zonyowa ndi mkodzo pamthunzi, ndipo kagalu kamodzi kangakhale ndi zotupa zambirimbiri. Pakani mafuta a Vaseline pa kabowo, finyani mphutsiyo ituluke yathunthu, tsukani balalo. Koma mankhwala enieni ndi pogona pouma, pa simenti kapena matabwa, ndi masaka osinthidwa tsiku lililonse.

Mayi woyamwitsa, pofika sabata yachitatu ndi yachinayi, amafuna chakudya chowirikiza kawiri kapena katatu, ndi madzi osatha. Akayamba kunjenjemera, kuuma miyendo ndi kupuma mothamanga, kashiamu watsika m'magazi. Chotsani ana pabere ndipo muthamangire kwa dokotala tsiku lomwelo.

Phala ndi katemera

Pa masabata 3 kapena 4 mano amatuluka, ndipo ndi nthawi yoyamba phala: lamadzimadzi, losakaniza ndi dzira kapena kapenta wosinja, m'mbale yosaya, kanayi pa tsiku. Pofika masabata 7 amakhala atasiya bere. Nyama ndi zam'kati ziphikidwe nthawi zonse. Mutu wa mbuzi, chiwindi kapena mapapo okhala ndi timatumba ta madzi musaponyere agalu zosaphika. Timatumbato timasanduka njoka zaphanthi m'matumbo mwa galu, mazira ake amagwera pa msipu, ndipo mbuzi imene yawadya ndi ija mumaiona ikuzungulirazungulira mpaka kufa. Mtundu wina wa njoka zimenezi umadwalitsanso anthu.

Katemera woyamba, woteteza ku parvo, distemper ndi matenda ena, abayidwe pa masabata 6 mpaka 8, ndipo abwerezedwe masabata 3 kapena 4 aliwonse mpaka kagalu kakwanitse masabata 16. Ambiri amabayitsa kamodzi n'kuleka, poganiza kuti kubwereza ndi njira ya ogulitsa yopezera ndalama. Chifukwa chake chenicheni ndi ichi: chitetezo chochokera mumkaka wa mayi chimafooketsa katemera, ndipo chimatha pa nthawi yosiyana mwa mwana aliyense, wina pa masabata 8, wina pa 14. Kubwereza kumatsimikiza kuti jakisoni mmodzi wagwera pa nthawi yoyenera. Parvo, amene anafalikira padziko lonse cha mu 1978, amabwera ndi kusanza ndi kutsegula m'mimba kwa magazi konunkha, ndipo angamalize bere lonse m'sabata imodzi. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri ndipo kamayenda pa nsapato. Ofuna kugula asalowe m'chipinda cha ana ndi nsapato zawo, ndipo pansi muzitsuka ndi Jik, gawo limodzi m'magawo 30 a madzi. Katemera amene wakhala padzuwa m'thumba la wogulitsa woyendayenda ndi madzi chabe.

Sukulu ya kagalu

Apa ndiye pagona nkhani. Kuyambira masabata 3 mpaka cha pa 12, ndi pang'ono kufikira 16, kagalu kamaphunzira kuti abale ake ndani. Chimene kakhala nacho pa nthawiyi kadzachiyesa chake moyo wonse, ndipo chimene sikanachione kadzachiopa kapena kuchithamangitsa. M'mera m'poyamba, anatero akuluakulu. Koma musafulumire kukachotsa kwa mayi: mpaka masabata 8 kamaphunzira kwa iye ndi kwa anzake kuti kuluma kuli ndi malire. Tiagalu togulitsidwa m'katoni pa masabata 4 timakula tamantha ndi taukali wopanda nzeru.

Kagalu kodzalondera mbuzi kasamukire m'khola pa masabata 8. Kayambe ndi ana a mbuzi ndi mbuzi zazikazi zofatsa, ndipo mukamangire kanyumba pakona kamene iko kangalowe koma mbuzi yogunda singalowe. Kadyere m'khola momwemo, kagone momwemo. Kakhale kamodzi pa gulu limodzi, chifukwa tiwiri timangosewera tokha n'kuiwala mbuzi. Chovuta kwambiri pa dongosololi si galu ayi, koma ana a pakhomo, amene amafuna kukanyamula kupita nako kukhitchini. Kagalu kozolowera khonde ndi fungo la ndiwo kadzasiya mbuzi kutchire masana n'kubwerera kunyumba. Komabe musakasiye osakakhudza konse. Mbusa ndi mwini azikagwira mphindi zochepa tsiku lililonse, kukatsegula pakamwa, kukayang'ana m'makutu ndi kumapazi, kuti kadzalole kubayidwa katemera ndi kuchotsedwa nkhupakupa kakadzakula.

Pa miyezi 3 kapena 4 kayambe kutuluka ndi gulu, maulendo aafupi, mbusa ali pomwepo. Pakati pa miyezi 6 ndi 12 pafupifupi galu aliyense amayesa kusewera ndi ana a mbuzi, kuwathamangitsa ndi kuwaluma makutu. Mudzudzuleni nthawi yomweyo ndi mawu amphamvu, ndipo ngati abwereza muikeni kwa mbuzi zazikulu masiku angapo. Chilango cha madzulo pa cholakwa cha m'mawa galu sachimvetsa. Musamuweruze msanga: wolondera amakhwima nzeru pa miyezi 18 mpaka zaka 2.

Kagalu kapabwalo njira yake ndi yotembenuza. Kaone anthu ambiri, ana, okalamba, njinga, ngolo, thirakitala, nkhuku ndi abakha, zonse mwamtendere. Pali chikhulupiriro chakuti galu amakhala mlonda wabwino akatsekeredwa mumdima masana onse, akadyetsedwa tsabola, kapena akadulidwa makutu ndi mchira. Zimenezi zimabala galu wosasiyanitsa mbala ndi mwana wa mnansi amene wabwera kudzapala moto, ndipo mlandu wake udzakhala wanu. Galu wodziwa maonekedwe a tsiku labwinobwino ndiye amazindikira msanga chachilendo cha usiku.

Kwa inu amene minda yanu yayandikana ndi Mosi-oa-Tunya National Park, kumbukirani kuti galu ndi belu, si msilikali. Nyani wamphongo amang'amba galu kamodzi kokha, ndipo galu wouwa njovu akapanikizika amathawira kwa mbuye wake, njovu ili pambuyo. Galu wosabayidwa amaperekanso matenda ku nyama za m'tchire: mu 1994 distemper anapha pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mikango ya ku Serengeti ku Tanzania.

Chiwewe

Galu wolondera ndiye woyamba kukumana ndi nkhandwe kapena galu wachilendo wodwala, ndipo madzulo ake ndi yemweyo amanyambita manja a mbusa. Bungwe la World Health Organization limawerengera kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka, ambiri a iwo mu Africa ndi Asia. Pafupifupi onse amachitenga kwa agalu, ndipo anthu 4 mwa 10 alionse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, palibenso mankhwala. Koma agalu 70 mwa 100 alionse m'dera akabayidwa, matendawa amaleka kufalikira. Ku Blantyre, ku Malawi, bungwe la Mission Rabies linabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20 mu 2015, umboni wakuti ntchitoyi ndi yotheka m'mizinda ngati yathu.

Kagalu kalandire katemera wa chiwewe pa miyezi 3, ndipo kabwereze monga mmene dokotala walembera pa khadi. Kuno ku Zambia nkhani ya kalembera wa agalu ndi katemerayu ili pansi pa lamulo la Control of Dogs Act, Chapter 247. Za kalembera funsani ku khonsolo, za katemera ku ofesi ya dokotala wa ziweto wa boma. Tsiku la 28 Sepitembala, limene Louis Pasteur anamwalira mu 1895, ndi tsiku lokumbukira chiwewe padziko lonse, ndipo ndi labwino kuliika pa kalendala ya famu ngati tsiku loona makadi a agalu onse. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa, ngakhale ndi kagalu kakang'ono, atsuke balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, ndipo apite kuchipatala tsiku lomwelo. Galu wolumayo atsekeredwe masiku 10 akuyang'aniridwa, ndipo a zaziweto adziwitsidwe.

Popereka kagalu kwa mwini watsopano, perekani ndi khadi lake: tsiku lobadwa, makolo, masiku a mankhwala a njoka, katemera amene walandira ndi masiku a amene watsala, pamodzi ndi chakudya cha masiku angapo chimene kanazolowera. Amene sadzabereketsedwa, amphongo afulidwe ndipo aakazi atsekedwe kwa dokotala. Galu wofulidwa amalondera chimodzimodzi, ndipo sasiya mbuzi kutsata fungo la wamkazi kumudzi wina. Mayi uja apume, adumphe nyengo imodzi thupi libwerere. Ndipo pakatha chaka muwayendere ana ake kumene anapita, mulembe m'buku amene akugwira ntchito ndi amene alephera, chifukwa bukulo ndilo lidzakuuzeni ngati makolo awiriwo ayenera kukumananso.